Njira ya ku Yunivesite ndi Mtengo Wake: Phunziro kwa Makolo ndi Ana a ku Chiradzulu



Chaka ndi chaka, mayina a ana osankhidwa kupita ku mayunivesite a Boma akalengezedwa, m'midzi ina ya ku Chiradzulu mumamveka nthungululu. Amayi amavina pabwalo, atsibweni amagwira nkhuku, ndipo aphunzitsi a mwanayo amayenda monyadira pamsika. Chimwemwe chimenechi n'choyenera ndithu. Koma pakapita masabata awiri kapena atatu, kalata ya ku yunivesite itawerengedwa bwino, m'nyumba momwemo mumangoti zii, pakuti anthu aona kuchuluka kwa ndalama zofunika ndi tsiku limene ziyenera kuperekedwa. Pamenepo ena amagulitsa mbuzi pa mtengo wozizira, ena amathamangira kwa akatapila, ndipo ena amangogwira njakata mpaka malo a mwana atatayika.

Tsono phunziro lathu la lero likunena chinthu chimodzi: kusankhidwa ndi khomo chabe, ndipo kuseri kwa khomolo kuli ulendo wa zaka zinayi kapena kuposerapo. Banja limene liyamba kuwerengera ndalama dzina la mwana litatuluka kale, lachedwa. Tiyeni tione pamodzi m'mene ana amasankhidwira, mtengo wa maphunzirowo, ndi moyo umene mwana amakaupeza kumeneko.

1. KUMENE TACHOKERA

Boma la Chiradzulu si lachilendo pa nkhani ya maphunziro apamwamba. M'chaka cha 1897 John Chilembwe anawoloka nyanja yaikulu kunka ku America, nakaphunzira ku Lynchburg, m'dera la Virginia. Atabwerako mu 1900 anayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Pambuyo pake Daniel Sharpe Malekebu, mwana wa m'boma lomweli, anatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College, mu mzinda wa Nashville, m'chaka cha 1917, nabwera kudzatsegulanso mishoni ija mu 1926. Anthu amenewa anasiya kwawo zaka zambiri chifukwa m'dziko muno munalibe yunivesite. Ngakhale m'zaka za m'ma 1950, mwana wa ku Nyasaland wofuna digiri ankapita ku Makerere ku Uganda, ku Fort Hare ku South Africa, kapena ku Salisbury, kumene tsopano timati Harare. Ndipo opita kumeneko anali owerengeka.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa m'chaka chomwecho. Maphunziro anayamba mu Sepitembala 1965 ku Chichiri, mu Blantyre, ndi ophunzira ngati 90 okha. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba, pa malo otchedwa Chirunga, m'munsi mwa phiri. Pambuyo pake mayunivesite ena anabadwa: ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, sukulu ya zaulimi ya Bunda inaima payokha mu 2012 nitchedwa LUANAR, ya sayansi, MUST, inatsegulidwa ku Ndata, m'boma la Thyolo, mu 2014. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi yakale ija inagawidwa patatu: Chancellor College inatsala ndi dzina loti Yunivesite ya Malawi, Polytechnic ya ku Blantyre inasanduka MUBAS, ndipo sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zinaphatikizidwa kukhala KUHeS. Kotero mayunivesite a Boma anakwana asanu ndi imodzi.

Taonani tsono m'mene Chiradzulu wakhalira pakati. Kumpoto kwake kuli Zomba, kumadzulo kuli Blantyre, kumwera kuli Thyolo. Mwana wokwera minibasi m'mawa pa Njuli kapena pa Mbulumbuzi amadutsa pa Namadzi nafika ku Zomba dzuwa lisanafike pamutu. M'boma mwenimwenimo, ku Nguludi, muli Yunivesite ya Katolika, imene inatsegulidwa mu 2006. Koma imeneyo si ya Boma, ili ndi njira zakezake zolembera ana ndi fizi yakeyake, ndipo sitiikamba lero.

Mtunda wa pamsewu unafupika, inde. Koma pali mitunda ina iwiri imene sinafupike, wa mayeso ndi wa ndalama. Ndipo nkhaniyi n'njofunika kwa anthu a ku Chiradzulu koposa ena, chifukwa kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma laling'ono limeneli. Munda umene agogo ankalima okha lero ugawanidwa ndi zidzukulu zambiri, aliyense mizere yowerengeka. Kwa mabanja ambiri sukulu ndiyo munda wotsala umene suchepa poulowa anthu ambiri.

2. MWANA AMASANKHIDWA BWANJI?

Maziko a zonse ndi mayeso a Fomu 4, otchedwa MSCE, amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB. Pa phunziro lililonse mwana amapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza kopambana. 3 mpaka 6 ndi chimene aphunzitsi amachitcha kirediti. 7 ndi 8 ndiko kungokhoza. 9 ndiko kulephera. Akatenga maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa, naphatikiza manambala ake, ndiye mapointi amene timamva aja. Apa makolo ambiri amasokonezeka: mapointi akachepa ndiye kuti mwana wakhoza kwambiri. Wa mapointi 6 ndiye wafika pachimake.

Kuti mwana alowe mu mpikisano wa ku yunivesite ya Boma, ayenera kupeza nambala 6 kapena yocheperapo m'maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa amenewo likhale Chingerezi. Choncho satifiketi ya MSCE payokha si chiphaso cholowera. Tiyerekeze ana awiri. Woyamba wapeza 4 pa Chingerezi, 5 pa Masamu, 3 pa Bayoloji, 3 pa Zaulimi, 2 pa Chichewa ndi 4 pa Jogalafe; pamodzi ndi mapointi 21, ndipo ali ndi ufulu wofunsira malo. Wachiwiri analemba maphunziro asanu ndi limodzi, napeza 1, 1, 2, 2 ndi 2, koma pa Chingerezi 7. Pamodzi ndi mapointi 15. Pomva chabe wachiwiriyu waposa mnzake, koma khomo latsekeka kwa iye chifukwa cha Chingerezi chokhacho. Ana inu amene mumachita manyazi kuyankhula Chingerezi poopa kusekedwa, lingalirani bwino chitsanzo chimenechi.

Ndiponso dziwani kuti kukwanitsa muyeso umenewu sikutanthauza kusankhidwa, pakuti oukwanitsa amachuluka kuposa malo alipo. Osankha amayamba ndi amene achita bwino koposa, ndipo amayang'ana makamaka maphunziro ogwirizana ndi ntchito imene mwana akufuna. Wofuna udokotala amuonera Bayoloji, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu. Wofuna uinjiniya amuonera Masamu ndi Fizikisi. Maphunziro amenewa mwana amawasankha kapena kuwasiya polowa Fomu 3. Kunena zoona, njira ya ku yunivesite imayambira pamenepo. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Chinanso, dzina silipita lokha. Mwana ayenera kufunsira malo. Ntchito yolandira mafomu a mayunivesite a Boma imayendetsedwa ndi bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Bungweli limalengeza nthawi yofunsira, maphunziro amene alipo, zofunika pa lililonse, ndalama yolipira pofunsira, ndi tsiku lotsekera. Mwana amalemba maphunziro angapo motsatana, kuyambira limene alifuna koposa. Zolakwa zimene zimagwetsa ana pamenepa ndi izi: kulemba maphunziro okhaokha amene amalimbiranidwa ndi akatswiri a dziko lonse, kusankha phunziro limene mwana alibe zoliyenereza, kusiyira munthu wa pa sitolo ya intaneti kuti amulembere zonse iye osawerenga, ndi kuchedwa. Pitani ndi chilengezocho kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yanu, muwerengere limodzi. Safunsa anadya phula.

Makolo ena akukumbukirabe nthawi imene boma lililonse linkasungiridwa malo ake, njira imene anthu ankaitcha kota. Njira imeneyo Boma linalengeza kuti yathetsedwa mu 2020. Kotero mwana wa kwa Mpama, kwa Nkalo kapena kwa Kadewere asadalire dzina la boma lake. Adalire mayeso ake. Ndipo wina akabwera nanena kuti ali ndi m'bale wake kumaofesi amene angalowetse dzina la mwana wanu mukapereka kangachepe, mum'tsekere chitseko. Malo a ku yunivesite sagulitsidwa pa foni.

3. MTENGO WAKE

Amene anaphunzira ku yunivesite m'zaka zoyambirira amasimba kuti Boma linkawapatsa pogona, chakudya, ndi kandalama ka m'thumba. Nthawi imeneyo inapita. Kuyambira mu 1985 ophunzira anayamba kusonkhako gawo la ndalama, ndipo gawolo lakhala likukula. Mu 2016 fizi ya ku Chancellor College inakwezedwa kufika pa K400,000 pa chaka. Ophunzira anachita zionetsero, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anachotsako K50,000, fizi nikhala K350,000. Mu 2023 fizi ya ku Yunivesite ya Malawi inafika pa K650,000 pa chaka. Mtengo wa chaka chimene mwana wanu akulowa muupeze m'kalata ya yunivesite yeniyeniyo. Koma manambala amenewa atiphunzitse kuti fizi siima malo amodzi, ndipo ingathe kukwera mwana ali pakati pa maphunziro.

Tiyeni tiwerengere ndi mtengo wa mu 2023 uja. K650,000 kuchulukitsa ndi zaka zinayi ndi K2,600,000. Tsono tengani mtengo wa thumba la nandolo kapena wa mbuzi pa msika wa kwanu, muone kuti ndi matumba angati kapena mbuzi zingati. Ndipo kumbukirani kuti maphunziro ena, monga a uinjiniya ndi a udokotala, amaposa zaka zinayi.

Koma fizi ndi mutu chabe wa katunduyo. Pali zinthu zina zisanu zimene mabanja ambiri amaziiwala.

Choyamba, pogona. Nyumba zogona za pasukulu sizikwanira ophunzira onse, ndipo nazonso zimalipiridwa. Amene sanapeze malo amachita lendi kunja. Ku Zomba ambiri amakhala ku Chikanda, pafupi ndi sukulu, awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi. Eni nyumba amafuna ndalama zawo pa nthawi yake, kaya kumudzi mwakolola kaya simunakolole.

Chachiwiri, chakudya. Wophunzira amadzigulira kapena kudziphikira yekha, tsiku ndi tsiku. Ufa, ndiwo, mchere, mafuta, makala ndi sopo, zonsezi ndi ndalama. Mtengo wa zinthu zotere umayenda ndi mphamvu ya kwacha. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndalama imene inkadyetsa mwana mwezi wathunthu inayamba kutha mwezi usanathe.

Chachitatu, zipangizo. Masiku ano aphunzitsi amatumiza zowerenga ndi ntchito pa intaneti, ndipo ntchito zambiri zimalembedwa pa kompyuta. Mwana afunika foni yotha kulowa pa intaneti, ndalama zogulira intanetiyo, ndi zosindikizira mapepala. Ndipo pofika chaka chomaliza, pamene alemba kafukufuku wake, laputopu imafunika kwambiri.

Chachinayi, maulendo. Chaka cha maphunziro chili ndi zigawo ziwiri, zotchedwa masemesita, ndipo chigawo chilichonse chili ndi ulendo wopita ndi wobwera. Wa ku Zomba apepukidwa. Koma wosankhidwira ku Mzuzu kapena ku Bunda ulendo wake ndi wautali. Ophunzira ena amatumizidwanso kukayesera ntchito kutali, monga a uphunzitsi, ndipo kumeneko afunikanso pogona ndi chakudya.

Chachisanu, zadzidzidzi: matenda, maliro kumudzi, foni yobedwa. Banja limene silinasunge kanthu ka zoterezi limagwa m'ngongole zoipa pa tsiku limodzi.

Mukaphatikiza zisanuzi pa chaka chonse mudzaona kuti zingathe kufanana ndi fizi, kapena kuiposa. Walira mvula walira matope.

4. NGONGOLE YA BOMA

Nanga mwana wa mlimi wosauka atani? Mu 2015 Boma linakhazikitsa bungwe la ngongole za ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, limene mwachidule limatchedwa HESLGB. Bungweli limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, zolipirira fizi ndi zothandizira pa moyo wa pasukulu. Limeneli ndi thandizo lalikulu, ndipo ana ambiri a m'midzi afika pa digiri chifukwa cha ilo. Komabe pali mfundo zinayi zoti banja lililonse lidziwe.

Yoyamba: ngongole imafunsiridwa payokha. Kusankhidwa ku yunivesite sikupatsa mwana ngongole. Bungweli lili ndi mafomu ake ndi nthawi yake yotsekera, ndipo limafuna umboni wakuti banja ndi losowadi. Lembani zoona zokhazokha.

Yachiwiri: si onse ofunsira amene amalandira, pakuti thumba lili ndi malire. Banja likhale ndi njira ina m'maganizo.

Yachitatu: ngakhale wolandira asayembekeze kuti ndalamayo ikwanira zonse, kapena kuti adzaipeza m'manja tsiku lofika. Mwana anyamuke kumudzi ali ndi ufa, nyemba, ndi ndalama zomusunga masabata oyambirira.

Yachinayi, imene ili yaikulu: ngongole si mphatso. Wophunzira akatsiriza, nthawi yoikidwa ndi lamulo ikakwana, ayenera kubweza. Ndipo akalembedwa ntchito, omulemba amadula ku malipiro ake natumiza ku bungwelo. Bungweli linapatsidwanso ntchito yotolera ngongole zakale, za anthu amene anaphunzira kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Ena mwa iwo anakhala zaka zambiri osabweza, ali pa ntchito zabwino. Munthu wotere aganize kuti wabisira Boma. Koma amene wam'mana ndi mwana wa mnansi wake, amene chaka chino wauzidwa kuti ndalama zatha. Wodya mbewu ya m'nkhokwe ya mudzi abwezeremo, kuti anzake adzabzale.

5. MOYO WA KU YUNIVESITE

Tsono mwana wafika ku Chirunga, katundu ali pamutu. Kodi apeza zotani?

Chinthu choyamba chimene chimadabwitsa ndi ufulu. Kulibe belu lodzutsa anthu, kulibe mphunzitsi woyendera zipinda ndi ndodo, kulibe wofunsa chifukwa chimene sunabwerere dzulo. M'chaka choyamba ophunzira amakhala ambirimbiri m'chipinda chimodzi chachikulu. Mphunzitsi amafotokoza, natchula mabuku oti akawerenge, natuluka. Zotsala ndi za wophunzira mwini, m'nyumba ya mabuku. Amene anazolowera kulembera zonse pa bolodi ndi kuloweza, pano amayenera kuphunzira kufufuza yekha ndi kulemba maganizo ake.

Malikisi samachokera ku mayeso otsiriza okha. Ntchito za m'kati mwa semesita ndi timayeso tating'ono zimawerengedwa pamodzi ndi mayeso aakulu. Wolephera pang'ono angathe kupatsidwa mwayi wolembanso. Wolephera kwambiri amabwereza, ndipo kubwereza ndi ndalama zina. Wolephera koposa muyeso amachotsedwa. Inde, munthu amene anavinitsa mudzi wonse angathe kubwerera chaka chisanathe. Malamulo amenewa amalembedwa m'buku la yunivesite. Mwana awawerenge sabata yoyamba, asadikire kuwamva tsoka litagwa.

Ana ambiri a ku Chiradzulu amachokera m'masekondale oyendera a m'midzi, kumene mabuku ndi zipangizo za sayansi n'zochepa. Akafika amapeza anzawo ochokera m'sukulu zotchuka, oyankhula Chingerezi ngati madzi, odziwa kale kompyuta. Pamenepo mtima umagwa, ndipo ena amangokhala kumbuyo osafunsa kanthu. Kwa otere tikuti: amene anakhoza mayeso omwewo popanda zipangizo waonetsa kale kuti mutu ali nawo. Afunse, alowe m'kagulu ka anzake owerengera limodzi, apite kwa mphunzitsi pa nthawi yake. Pofika chaka chachiwiri kusiyana kuja kumayamba kuchepa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Koma pali maenje amene tiyenera kuwatchula poyera. Pali mowa, umene umadya ndalama za chakudya ndi nthawi yowerenga. Pali njuga za pa foni, zimene zimalonjeza kuchulukitsa ndalama za ngongole koma zimazimeza usiku umodzi. Pali kubera mayeso ndi kukopera ntchito za ena, mlandu umene umachotsetsa munthu sukulu. Pali njala, imene imakankhira asungwana ena kwa amuna a ndalama, ndipo mapeto ake ndi mimba yosayembekezera, matenda, kapena kusweka mtima. Makolo, apa tisafulumire kuweruza. Mwana amene mwam'tumiza ndi fizi yokha, popanda cha m'mimba, mwam'ika pa mayesero amene inu nomwe simukadawapirira.

Ndipo pali chete, amene ali woopsa koposa. Wophunzira wina amagona ndi njala masiku angapo, kapena walephera mayeso, koma poimba foni kumudzi amati zonse zili bwino, chifukwa akudziwa kuti mbuzi zinagulitsidwa chifukwa cha iye. Ana inu, musasenze nokha katundu wotere. Pa yunivesite pali ofesi yoona za moyo wa ophunzira, pali chipatala, pali bungwe la ophunzira, pali magulu a mapemphero ndi a anthu ochokera dera limodzi. Nenani vuto likadali laling'ono. Makolo inunso, pofunsa musamangoti, "Mayeso akuyenda bwanji?" Muzifunsanso kuti, "Mwadya chiyani lero, mwanangu?"

Tisaiwale zabwino zake. Kumeneko mwana amakumana ndi anzake a ku Chitipa, a ku Nsanje ndi a ku Mchinji, naphunzira kuti Malawi ndi wamkulu kuposa mudzi wake. Amapeza mabuku amene sanawaonepo, masewera, zisudzo, makwaya ndi mitsutso. Ndipo pa tsiku lotsiriza, makolo atakhala m'holo yaikulu ya ku Chirunga, dzina la mwana wawo likuitanidwa, zowawa zonse zija zimapeza tanthauzo.

6. BANJA LICHITE CHIYANI?

Pa mwambo wa kwathu kuno mwana si wa anthu awiri okha. Ndi wa mbumba yonse. Mutu umodzi susenza denga. Tsono nazi zoyenera kuchita.

Mwana akalowa Fomu 3 ndipo aphunzitsi akunena kuti ali ndi nzeru, eni mbumba aitanitse msonkhano: bambo, mayi, atsibweni, ndi abale amene ali pa ntchito ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Pamenepo pali zaka ziwiri kapena zitatu zokonzekera.

Patulani chuma cha sukulu. Mbuzi ziwiri zazikazi zosungidwa lero zidzakhala khola pofika nthawiyo. Wolima tomato ndi kabichi kudimba, wogulitsa mkaka wa ng'ombe, wolima nandolo, aliyense aike padera kagawo nyengo ndi nyengo, ku banki kapena ku banki m'khonde yodalirika. Ndalama imeneyo isakhudzidwe pa chinkhoswe kapena pa sadaka.

Gawanani katundu momveka, ndipo mulembe pa pepala: uyu fizi ya chigawo choyamba, uyu lendi, uyu ufa ndi nyemba mwezi ndi mwezi, uyu za ulendo. Lonjezo la pa tsiku la chisangalalo limauluka ndi mphepo, lolembedwa limakumbutsa.

Musagulitse munda, ndipo musapite kwa akatapila. Munda ukapita subwerera, ndipo digiri siibala ntchito tsiku lomwelo. Alipo omaliza maphunziro amene amadikira zaka asanalembedwe. Banja liyenera kudya m'zaka zodikirazo.

Musasiyanitse ana. Msungwana wosankhidwa ali ndi ufulu womwewo umene mnyamata ali nawo. Kuno kumene mbumba imakhazikika pa akazi, mwana wamkazi wophunzira ndiye mzati wa mudzi wa mawa.

Ndipo inu ana, pa tchuthi gwirani khasu, thandizani pa geni ya amayi, sungani kangachepe. Musabwerere kumudzi ndi mtima wonyoza amene akukulipirirani.

7. NANGA WOSASANKHIDWA?

Ambiri okhoza bwino sadzamva mayina awo, chifukwa malo ndi ochepa. Kumeneku si kulephera, ndipo makolo asanyoze mwana wotere. Angathe kulembanso mayeso kuti akonze maphunziro amene anam'gwetsa, nafunsiranso. Pali sukulu za uphunzitsi, ndipo imodzi ili m'boma la Chiradzulu momwemo. Pali Domasi College of Education ku Zomba. Pali sukulu za ntchito zamanja monga Nasawa ndi Soche, kumene amaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi ndi umakaniko. Mayunivesite ena, monga ya Mzuzu ndi LUANAR, ali ndi maphunziro amene munthu amachita ali kwawo, napita kusukulu nthawi zowerengeka. Alipo ambiri amene anayamba ndi satifiketi, nagwira ntchito, nadzatenga digiri ali akuluakulu. Koma pofunafuna sukulu ina iliyonse, yambani mwafufuza ngati ili yovomerezedwa ndi NCHE kapena bungwe lina loyenera la Boma, kuti mungataye ndalama pa pepala lopanda ntchito.

MAWU OTSIRIZA

Chilembwe ndi Malekebu anawoloka nyanja kukafuna chimene lero chili kuseri kwa Namadzi. Zidzukulu za anthu a m'nthawi yawo siziyenera kulephera pa khomo penipeni chifukwa chosakonzekera. Ngati m'nyumba mwanu muli mwana wa Fomu 2 kapena Fomu 3, musadikire chilengezo cha mayina. Sabata ino pitani kwa mphunzitsi wake mukafunse m'mene akuchitira pa Chingerezi ndi Masamu. Mukabwerako, tumizani mawu kwa atsibweni ake kuti pali nkhani yoti mukambirane.

MAFUNSO OKAMBIRANA PABANJA NDI M'MAGULU

1. Chifukwa ninji mwana wa mapointi 15 angathe kukanidwa pamene wa mapointi 21 waloledwa kufunsira malo?
2. Kupatula fizi, tchulani zinthu zisanu zimene wophunzira amafunika ndalama zake. Pa mitengo ya pa msika wa kwanu, zingakwane ndalama zingati pa mwezi?
3. Kodi munthu amene sabweza ngongole ya maphunziro amalakwira yani?
4. M'mudzi mwanu muli ana angati a Fomu 3 ndi Fomu 4? Kodi mabanja awo ayamba kukonzekera? Inu mungawathandize bwanji?